Nkhuku yophikaphika kapena ya mumphika wanu: tiyeni tiwerengere

Pakati pa amalonda pali mkangano umene sutha. Ena amati kugula nkhuku yophikaphika ndi ulesi wa m'tauni, kumwaza ndalama imene munthu waikhetsera thukuta. Ena amati kukhalira kusosola nkhuku ndi kukupiza mbaula n'kutaya nthawi imene ukanagulitsa katundu. Mbali zonse zimalankhula motsimikiza, koma mukafunsa kuti anawerengerapo liti, amangoseka. Sabata ino tiyeni tiwerengere limodzi, chifukwa kwa munthu wa geni, ndalama ya ndiwo ndi ndalama ya mpamba zimagona m'thumba limodzi. Dzanja likazolowera kupisamo osayang'ana, tsiku lokaoda katundu likafika mumangodabwa kuti ndalama yapita kuti.

Ndinenetu maganizo anga poyamba. Nkhuku yophikaphika imapindulitsa wamalonda mmodzi amene njala yamugwira ali pabenchi, makasitomala ali piringupiringu. Ikakhala ndiwo ya banja lonse, nkhuku yogula yamoyo n'kukaizinga ndi kuiphika pakhomo ndiyo imasunga ndalama, ndipo kusiyana kwake si kwamasewera. Zimene zimagamula nkhaniyi ndi ziwiri: chiwerengero cha anthu amene akudya, ndi phindu limene ola limodzi pamalo anu ogulitsira limakubweretserani.

Nkhuku imodzi imatuluka zingati?

Tiyambe ndi nkhuku yoyera ija imene alimi amagulitsa ikakwana masabata 6 kapena kupitirira pang'ono. Tinene kuti ikulemera makilogalamu 2 ili yamoyo. Mukachotsa nthenga, magazi, mutu, zipalapasiro ndi zam'mimba, mumatsala ndi magawo pafupifupi 70 pa 100 alionse, ndiye kuti makilogalamu 1.4. Mukaiotcha kapena kuikazinga, madzi ndi mafuta zimatuluka ndipo imachepanso ndi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena kuyandikira pamenepo. Mapeto ake nkhuku imene inalemera makilogalamu 2 pasikelo imafika m'mbale ikungopitirira kilogalamu imodzi pang'ono.

Ichi n'chifukwa chake nkhuku yootcha imene imaikidwa pagalasi m'magolosale aakulu imaoneka yaing'ono. Sikuti nthawi zonse wogulitsa wasankha anapiye. Moto wadya gawo lake. Choncho musayerekeze mtengo wa kilogalamu ya nkhuku yaiwisi ndi kilogalamu ya yophika ngati kuti ndi katundu mmodzi.

Koma pali chinthu china chimene ambiri amachiiwala. Magawo 30 ochotsedwa aja, pakhomo pathu sitimataya onse. Nthutumba, chiwindi, mtima, mutu, zipalapasiro ndi matumbo otsuka bwino n'kukulunga kumiyendo ndi ndiwo ya tsiku lina. Wogulitsa nkhuku yophikaphika sakupatsani zimenezi. Amazigulitsa padera, ndipo mukafika pachiwaya chilichonse madzulo mupeza kuti zili ndi mtengo wakewake. Onjezaninso msuzi. Nthuli yootcha imatsagana ndi munthu mmodzi, pamene msuzi wa nkhuku umatsitsa nsima ya ana asanu ngakhale nthuli zawo zikhale zazing'ono.

Masamu a mphika wa banja

Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza kuti njira yowerengera ioneke. Inu muikepo mitengo imene mwaipeza pamsika wanu lero.

Tinene kuti nkhuku yamoyo mwagula K12,000. Makala ophikira ndi kutenthetsa madzi osososolera mwagula a K1,500. Mafuta, tomato, anyezi ndi mchere zakwana K2,000. Zonse pamodzi ndi K15,500. Mukaduladula mwa pakhomo, ntchafu ziwiri, miyendo iwiri, mapiko awiri, chidale chogawa panayi ndi msana wogawa pawiri, mwapeza nthuli 12. Nthuli iliyonse yakudyerani pafupifupi K1,300, ndipo khosi, zam'mimba zija ndi msuzi mwapeza ngati basera.

Tsopano tinene kuti nthuli yofanana nayo kukula, yokazinga kale, ikugulitsidwa K2,000. Kuti mupeze nthuli 12 mulipira K24,000. Kusiyana kwake ndi K8,500. Ndalama imeneyi ndi imene mukulipira kuti wina akugwirireni ntchito yozinga, kusosola, kutumbula ndi kuphika, ntchito yotenga maola ngati awiri.

Funso ndi lakuti: kodi maola anu awiri amakwana K8,500?

Mtengo wa ola lanu

Apa ndi pamene amalonda ambiri amadzinyenga. Munthu amati, "Ine ndimagulitsa K80,000 patsiku, sindingasiye benchi." Komatu K80,000 imeneyo si yanu yonse. Muli ndalama yokaodera katundu wina, muli ya thiransipoti, muli ya tikiti ya msika, muli ya majumbo. Yanu ndi imene yatsala mukachotsa zonsezi. Ngati yatsala K15,000 ndipo mwakhala pamsika maola 10, ola lanu ndi K1,500. Maola awiri ophika nkhuku akukutayitsani K3,000, koma akukupulumutsirani K8,500. Mwatsala ndi K5,500 m'thumba. Ndi katundu wangati amene mumayenera kugulitsa kuti mupeze phindu la K5,500?

Ndipo nthawi zambiri simutaya n'komwe maola awiriwo. Nkhuku ya banja imaphikidwa madzulo msika utatsekedwa, kapena tsiku limene simugulitsa. Ola la Lamlungu masana silingafanane mtengo ndi ola la Loweruka m'mawa.

Koma masamu omwewa amatembenuka mukakhala nokha. Wamalonda amene akufuna nthuli imodzi ya nkhomaliro akusankha pakati pa K2,000 ya yogula ndi K1,300 ya yophika yekha. Kusiyana kwake ndi K700 basi. Akatseka benchi kwa ola limodzi kuti akaphike, wataya K1,500 kuti apulumutse K700. Pamwamba pa izo, kasitomala amene wapeza benchi lophimbidwa ndi chiguduli sadikira. Amagula kwa mnzanu wapafupi, ndipo akalandiridwa bwino mawa adzapitanso komweko. Apa kugula yophikaphika ndi nzeru ya bizinesi, palibe cha ulesi.

Chimodzimodzinso masiku a malonda otentha. Kumapeto kwa mwezi anthu atalandira, sabata yotsegulira sukulu kwa ogulitsa mayunifolomu ndi makope, masiku a Khirisimasi kwa ogulitsa kaunjika, kapena tsiku la msika kwa amene mumayendera misika ya pasabata, phindu la tsiku likhoza kufika K60,000. Ola likakhala K6,000, maola awiri ndi K12,000, kuposa K8,500 ija. Tsiku lotere, ngati pakhomo palibe wina woti aphike, gulani yophikaphika ngakhale ya banja lonse ndipo musadzimvere chisoni. Koma masiku oterewa pamwezi amawerengeka ndi zala.

Msampha wa chizolowezi

Chimene chimagwetsa anthu ndi kusandutsa chinthu cha tsiku lotanganidwa kukhala cha tsiku lililonse. K2,000 imaoneka yochepa ikamatuluka kamodzi. Ichulukitseni ndi masiku 26 amene mumagulitsa pamwezi, mupeza K52,000, ndipo apo sitinawerengere chipisi, nsima kapena chakumwa chotsitsira. Pa mitengo tayerekeza ija, K52,000 ikugula nkhuku zitatu zamoyo pamodzi ndi makala ndi zothira zake zonse, n'kutsala K5,500. Munthu mmodzi wadya nthuli 26 yekha pamsika, pamene ndalama yomweyo ikanabweretsa nthuli 36 ndi misuzi itatu pakhomo, ana n'kulawako.

Choopsa china ndi kumene ndalamayo imachokera. Nthuli ya nkhomaliro kawirikawiri imalipiridwa kuchokera m'kachikwama ka malonda, tsiku lisanathe, phindu lisanadziwike. Ngati tsikulo malonda sanayende, ndiye kuti mwadya mpamba. Ndipo ngati mpambawo ndi wa ku banki m'khonde kapena wa katapila, nthuli ya K2,000 ija mudzaibweza ndi chiwongoladzanja. Pang'onopang'ono ndi mtolo, akuluakulu anatero, ndipo mtolo wa ngongole umamangidwa chimodzimodzi ndi wa nkhuni.

Langizo langa ndi losavuta. Dzidulireni ndalama ya chakudya chamasana pasabata, muiike padera Lolemba m'mawa, ndipo muilembe m'kope ngati mmene mumalembera thiransipoti. Ikatha Lachinayi, Lachisanu ndi la mbatata kapena chinangwa. Nkhuku yophikaphika ikhale ndi masiku ake odziwika.

Zimene a mbali yophika pakhomo amaiwala

Kuti tichite chilungamo, nawonso okonda kuphika okha ali ndi zimene sawerengera.

Choyamba ndi moto. Makala amakwera mtengo nthawi ya dzinja, misewu ikaonongeka ndipo ouma akasowa. Komanso kuchokera pamene lamulo la nkhalango linakhwimitsidwa mu 2020, kuotcha ndi kunyamula makala opanda chiphaso kuli ndi zilango zazikulu, ndipo chiopsezo chimenecho chimalowa mumtengo wa thumba. Amene amagula makala a m'kajumbo tsiku ndi tsiku amalipira zambiri kuposa wogula thumba lathunthu. Ngati mbaula yanu ndi yachitsulo chokhachokha yotaya kutentha mbali zonse, mtengo wa nthuli yanu ukukwera inu osadziwa. Mbaula yokhala ndi dongo mkati imasunga moto, ndipo kwa ophikira nkhuni, chitetezo mbaula imachepetsa mtolo.

Chachiwiri ndi mtundu wa nkhuku. Nkhuku yoyera imapsa msanga. Yachikuda, imene imatenga miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi kuti ikule, ndi yokoma koma nyama yake ndi yolimba, ndipo tambala wokalamba akhoza kudya makala owirikiza kawiri. Mtengo wake pamsika nawonso umakhala wokwera poyerekeza ndi mnofu umene ali nawo. Amene akufuna kungolawa ya lokolo yekha, mbale imodzi ya mu lesitilanti ya mumsika ingamutchipire kuposa kugula tambala wathunthu. Mwini lesitilanti amaphika nkhuku zingapo pamoto umodzi, choncho makala a nthuli iliyonse amamutsikira.

Chachitatu ndi kusunga. Masamu a nthuli 12 amagwira ntchito ngati nthuli zonse zadyedwa. Mbeta kapena mnyamata wokhala yekha m'chipinda cha lendi chopanda firiji akaphika nkhuku yathunthu m'mwezi wa Okutobala, nthuli zomaliza zimasasa. Ngakhale amene ali ndi firiji akudziwa zimene zimachitika magetsi akazima tsiku lonse, monga zinkachitikira mu 2022 namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira. Nthuli zinayi zikatayidwa, zotsalazo zafika pafupifupi K1,900 imodzi, ndipo phindu la kuphika nokha latha. Wokhala yekha agule theka kapena ziwalo zochepa zaiwisi, apo ayi agule yophikaphika.

Chachinayi ndi manja amene akuphika. Abambo ena amati kuphika pakhomo n'kwaulere chifukwa si iwo amagwira mpeni. Ngati mayi a kunyumba nawonso ali ndi geni yawo ya mandasi kapena ya tomato, ola lawo lili ndi mtengo ngati lanu. Ngati wophikayo ndi mwana wa sukulu amene mawa ali ndi mayeso, ola lakelo ndi lodula kuposa a nonsenu. Werengerani zimenezi moona mtima musanagamule.

Mtengo wosalembedwa pachikwangwani

Pali mtengo wina umene suoneka pogula: tsiku limene mungagone ndi kutsegula m'mimba. Wolembedwa ntchito akadwala malipiro amalandirabe. Wa geni akadwala, benchi limatsekedwa, tomato amawola, ndipo ndalama ya mankhwala imachokera mumpamba womwewo. Nthuli imodzi yoipa ikhoza kufufuta zonse zimene mwapulumutsa mwezi wathunthu.

Tisaiwale kolera imene inayamba mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, mpaka makhonsolo ena analetsa kugulitsa zakudya zophikaphika m'misewu. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti chakudya chophika chisakhale pamtunda kupitirira maola awiri chisanatenthetsedwenso kapena kuikidwa mozizira. Choncho pogula, sankhani nthuli imene ikuchoka pamoto inu mukuona, kapena uzani wogulitsa aibwezere m'mafuta otentha mpaka itenthe mkati momwe. Nyemani pafupi ndi fupa. Ngati pali magazi kapena mnofu wofiirira, sinapse. Onani ngati chakudya chili chovundikira, ngati pali madzi ndi sopo, ndiponso ngati dzanja lolandira ndalama ndi lomwelo likugwira nyama. Mafuta akuda bii onunkha chiwaukire ndi chizindikiro chakuti aphikiridwa masiku ambiri.

Chenjeraninso ndi nkhuku yotchipa modabwitsa, makamaka miyezi yotentha pamene chitopa chimasesa makola. Nkhuku yofa yokha ikakazingidwa n'kuthiridwa tsabola siidziwika. Apa ndi pamene wogula yamoyo ali ndi mwayi: amaiona ikuyenda, amaona maso ake ndi lipombo lake, amaipima ndi dzanja. Phukusi la moyo umasunga wekha.

Koma kuphika pakhomo nakonso kumafuna ukhondo. Nkhuku yaiwisi imakhala ndi tizilombo totsegula m'mimba. Mpeni ndi thabwa zimene mwadulira nkhuku musadulirenso tomato kapena kabichi wodya wosaphika musanazitsuke ndi sopo.

Njira ya pakati

Pali njira yachitatu imene anthu a m'magalaja ndi omanga nyumba anaidziwa kalekale: mmemo. Amalonda asanu ndi mmodzi oyandikana mabenchi akasonkha K2,600 aliyense, apeza K15,600, yokwana nkhuku yathunthu ndi zophikira zake pa mitengo tayerekeza ija. Aliyense adya nthuli ziwiri pa ndalama yongopitirira pang'ono mtengo wa nthuli imodzi yogula. Ufa mubweretsa mosinthana. Mmodzi akamaphika, anzake akumugulitsira katundu, ndiye palibe benchi lotsekedwa. Mawa aphika wina. Kachipande ka therere kamakoma n'kuyenderana.

Mmemo umafuna zinthu ziwiri kuti usathere pa mkangano. Ndalama isonkhedwe m'mawa nkhuku isanagulidwe, osati "ndikupatsani ndikagulitsa". Ndipo muphikire pamalo pamene akuluakulu a msika amalola, n'kuzimitsa moto ndi madzi mukamaliza. Misika yambiri m'dziko muno yapsapo, ndipo palibe ndiwo imene ingalipire katundu wa anthu mazanamazana.

Kwa amene safuna ntchito yososola, nkhuku yokonzakonza yaiwisi ya m'firiji imadula nthawi pafupifupi ndi theka. Ingoonani ngati zam'mimba zilimo kapena ayi, ndipo kumbukirani kuti madzi oundana nawonso amalemera pasikelo.

Mawu kwa ogulitsa nkhuku yophikaphika

Ena mwa inu owerenga ndinu eni ziwaya ndi malesitilanti, ndipo mwina mukuona ngati ndikukuthamangitsirani makasitomala. Ayi. K700 imene mumaonjezera pa nthuli si kuba. Muli mafuta, makala, malipiro a wothandiza, tikiti ya msika, ndi nthuli zimene zimatsala osagulidwa. Masamu omwewa akukuuzani kasitomala wanu weniweni: munthu mmodzi wotanganidwa amene sangachoke pamalo pake. Mupezeni komweko. Kuyendetsa mbale zovundikira m'mabenchi nthawi ya 12 koloko kungakugulitsireni zambiri kuposa kudikira pachiwaya. Dulani nthuli zofanana tsiku lililonse, chifukwa wamalonda mnzanu ali ndi diso la sikelo ndipo nthuli ikachepa amazindikira. Phikani pang'onopang'ono mogwirizana ndi ogula kusiyana ndi kuunjika zonse m'mawa. Ndipo mitengo ikakwera, kwezani poyera n'kufotokoza chifukwa chake, osati kuchepetsa nthuli mwakachetechete.

Werengeraninso mitengo ikasintha

Gawo lalikulu la ndalama yoweta nkhuku yoyera limapita ku chakudya chake, chimene chimapangidwa ndi chimanga ndi soya. Chimanga chikakwera, nkhuku imatsatira. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mafuta ophikira, mankhwala a ziweto ndi thiransipoti zonse zinasuntha, koma sizinasunthe tsiku limodzi kapena mofanana. Nthawi zina mtengo wa nkhuku yamoyo umathamanga pamene wa pachiwaya ukadali pomwepo, ndipo kwa masabata angapo yophikaphika imakhala pafupi kufanana ndi yophika nokha. Nthawi zina zimatembenuka. Yankho limene munapeza chaka chatha likhoza kukhala lolakwika mwezi uno.

Choncho sabata ino tengani kope lanu mulembe manambala anayi: mtengo wa nkhuku yamoyo pamsika wanu, ndalama ya makala ndi zothira, mtengo wa nthuli yophikaphika, ndi phindu lanu lenileni la tsiku logawa ndi maola amene mumagulitsa. Mukadziwa zinayizi, mudzadziwa tsiku logula ndi tsiku lophika. Ngati akudya ndi anayi kapena kuposa ndipo msika watsekedwa, yatsani mbaula. Ngati muli nokha ndipo makasitomala ali pamzere, itanani wa chiwaya, mulipire kuchokera mu ndalama ya chakudya imene munaika padera, n'kupitiriza kugulitsa.